Tsache la Apongozi Anga

Ine ndine wa ku Ntcheu, ndipo kwathu akufa timawaika kutali, kunkhalango komwe ngakhale mbuzi imadutsa mothamanga. Ndiye nditakwatiwa ku Karonga, m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja pakati pa Mwenilondo ndi Ngara, zinanditengera nthawi kuti ndizolowere zoti kubanja limene ndinalowalo munthu akamwalira sachoka pakhomo. Amamuika pabwalo pomwepo, kutsogolo kwa nyumba yake, dothi nkulisalaza, anthu nkumapitiriza kukhala naye.

Apongozi anga aamuna sindinawapeze. Dzina lawo ndimalidziwa koma sinditchula, chifukwa kuno mkazi satchula dzina la bambo a mwamuna wake, kaya ali moyo kaya anatisiya. Anawaika pansi pa mtengo wa mango umene anabzala okha. Chaka chotsatira nyanja inadzaza koopsa nkulowa m'midzi, nyumba yawo ya nsungwi inagwa, ndipo banja lonse linasamukira kumtunda, kutsidya kwa msewu. Madzi atabwerera anasiya mchenga, mtengo uja, ndi apongozi anga pansi pake. Panalibe mtumbira, panalibe mtanda. Chimene chinkasonyeza kuti pagona munthu chinali tsache la akazi awo, Amama Keziya.

M'mawa uliwonse, ng'ombe zisanatuluke m'khola, Amama ankawoloka msewu tsache lili kukhwapa. Ankasesa mozungulira, kuyambira patsinde kumka kunja, mpaka pamalopo pankakhala mbee, mizere ya tsache itagona bwinobwino ngati tsitsi lopesa. Akamasesa ankayankhula chapansipansi m'Chinkhonde, kuuza amuna awo za ng'ombe imene yabereka, za mpunga umene mbalame zikuumaliza, za amene wadwala ndi amene wayambana ndi mkazi wake. Ndikudziwa kuti nkhani zanga nazo zinkafika kumeneko, makamaka za mbalagha yanga, nthochi zophika ndi nyama zija, imene ankati ndimaiphika ngati ndikuphikira khanda.

Lole yoyamba inaima kwathu chifukwa inafa. Chinali chaka chimene ndinabereka Dora, mwana wanga woyamba. Inali lole yaikulu yachikasu yochokera ku Tanzania, ya mipando pamwamba, yodzaza azungu ofiira ndi dzuwa. Amuna ena mitu yawo inali yometedwa mwankhanza, chifukwa masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali ankakumana ndi sizasi pachipata cholowera m'dziko muno. Akazi anali atakulunga zitenje pamwamba pa mabuluku awo, poti lamulo silinkalola mkazi kuvala buluku, koma kamangidwe kake kanali koti ukawayang'ana kawiri uchimwa ndi kuseka. Tinaseka ndithu, kuseri kwa nthochi.

Mwamuna wanga Reginald anali pakhomo nthawi imeneyo, sukulu atamaliza, ntchito itamukana ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komwe. Chizungu chokha ndiye anali nacho chambiri. Anapita kukacheza ndi dalaivala, mzungu wamtali wandevu dzina lake Ralph, nkumulozera mchenga wa pabwinja pathu kuti agone pamenepo mpaka lole itachira. Amama anawatumizira azunguwo lichero la mpunga, ndipo atafuna kulipira Amama anakwiya. Anati mlendo wa pakhomo pa amuna awo sagula chakudya.

Ralph anapita, koma pakamwa pake anapita napo. Posakhalitsa kunabwera lole ina, iyi yamoyo wake. Chilimwe chotsatira malole ankafika awiri, atatu, nthawi zina anayi tsiku limodzi, nkuima mondondozana ngati nyengo yogula mpunga. Reginald anamanga chimbudzi, bafa ya udzu, ndi kachisakasa kogulitsiramo zakumwa zimene ankaziziritsa pozikwirira mumchenga wonyowa. Munthu amene anthu ankamunena kuti anangotha nsapato kusukulu anayamba kupatsidwa moni ndi manja awiri.

Musandifunse ngati mudzi unkawafuna azunguwo kapena ayi, chifukwa yankho linkadalira amene mwamufunsa ndi nthawi imene mwamupeza. Eliness, mnzanga woyandikana naye nyumba, m'mawa ankawatamanda akuwagulitsa zitenje za ku Kyela, masana nkumawatukwana pamjigo, wophika wa lole atatsekereza mzere ndi zigubu zake zosatha. Asodzi ankasangalala, koma ife ogula ndiwo chambo tinayamba kungochimva fungo chikupita kumatenti. Dooko la amayi tinalisuntha kawiri kuthawa makamera. Aphunzitsi ankadandaula kuti ana akujomba kukapempha zolembera, ndipo akulu a mpingo ankalalikira za anthu oyenda maliseche Lamlungu, akazi awo ali kumchenga komweko ndi madengu a mazira. Ineyo ndinkakazinga mandasi, ndipo malata a nyumba yathu anatuluka m'chiwaya chimenecho, choncho sindinganame kuti ndinkadana nawo.

Komanso sanali anthu oipa. Ankapereka moni, ankasewera ndi ana, ndipo mwana wa Eliness atakomoka ndi malungo inali lole yawo imene inamuthamangitsira kuchipatala ku Boma. Vuto lawo linali lakuti anali ambiri, ndipo aliyense ankaganiza kuti ndiye woyamba kutiona.

A Zebedee, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, anatiuza pamsonkhano kuti amenewa ndi alendo a boma, ndipo aliyense wowadandaulitsa akuipitsa dzina la dziko. Masiku amenewo mawu otere sunkafunsa kuti akutanthauzanji. A Zebedee analinso ndi mchenga wawo chakumwera, ndipo anali atadula kale mitengo ya chimbudzi, kudikira tsiku limene Reginald adzapunthwe.

Matenti poyamba ankakhomedwa kumchenga, kutali ndi mtengo. Koma tsiku lina mu Okutobala, kutentha kwa Karonga kutafika poti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa yasa, kunafika malole anayi ndipo malo anachepa. Atsikana awiri anakoka tenti yawo mpaka pansi pa mango, pamthunzi, pamalo osalala opanda ngakhale kachitsotso. Reginald anaona. Anabwerera kukawerenga mabotolo ake.

M'mawa mwake ndinawatsatira Amama, Dora ali kumsana. Pansi pa mtengo panali matenti atatu tsopano. Amama anaima kwa kanthawi. Kenako anapereka moni kwa matentiwo, “Mwaghona,” ngakhale panalibe woyankha, nkuyamba kusesa mipata imene inatsala, kuzungulira zingwe ndi zikhomo mosamala kuti asadzutse munthu. Tsiku limenelo amuna awo sanawauze nkhani iliyonse.

Ali mkati mosesa, mnyamata wina anatuluka m'tenti akuyasamula. Anaona mayi wokalamba ali ndi tsache, nkuganiza zimene aliyense akanaganiza. Anatola zitini zopanda kanthu ndi makoko a nthochi nkuwapatsa, akumwetulira mwaulemu ndithu. Amama anaika tsache pansi nkulandira ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono, monga ankalandirira chilichonse chochokera kwa mlendo.

“Ndaga,” anatero, kuthokoza.

Ine magazi anandikwera kumutu. Masana omwewo ndinamupeza Reginald kuseri kwa chisakasa chake ndipo ndinamuuza zonse zimene zinali kukhosi kwanga, zina zosayenera kuuza mwamuna wako. Iye anandisiya ndimalize.

“Ndiye ukufuna ndiwauze chiyani, make Dora? Kuti agona pa bambo anga? Azungu amaopa manda kuposa ng'ona. Mawa lomwe malole onse ali kwa a Zebedee, ndipo a Zebedeewo akanena kuti ndikuopseza alendo a boma. Iwe ukudziwa kumene amapita anthu onenedwa choncho.”

Anawonjezera kuti bambo ake ankakonda alendo, koma zimenezo anazinena akuyang'ana pansi. Sindinganene kuti analibe mtima. Kuyambira tsiku limenelo sanadutsenso pansi pa mtengowo. Ankazungulira kutali, kudzera mumchenga wotentha, kireti ili paphewa.

Ndinawafunsanso Amama chifukwa chimene sakanangowauza okha, ine nkuwamasulira. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule nsalu pamsewu.

“Ndikawauza achita manyazi, mwanangu. Munthu wachokera kutali, ine ndimuchititse manyazi pakhomo pa amuna anga?”

Zinapitirira choncho mpaka chilimwe china. Pansi pa mango panasanduka malo olimbirana. Madalaivala ankathamangitsana kuchokera kuchipata kuti afike msanga, ndipo Ralph ankati malowo ndi ake poti ndiye anawatulukira. Amama ankabwerabe m'mawa uliwonse, kusesa zotsalira za fodya, kulandira zitini. Anayamba kuonda. Kunyumba ankangoti dzuwa la chaka chino ndi loipa.

Tsiku la nkhumba linali Loweruka. Mmodzi wa alendo a Ralph ankakumbukira tsiku lake lobadwa, ndiye anagula nkhumba yathunthu yoti aiotche kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pankafunika dzenje la makala, ndipo Ralph anasankha pamthunzi. Ndinafika ndi beseni langa la mandasi nkupeza wophika wake atajambula kale mzere pansi ndi fosholo, chakutsogolo kwa tsinde, penipeni pamene anagona apongozi anga. Reginald anali akuyesa kumuuza Ralph kuti kumchenga kuli bwino, koma Ralph anaseka nkunena kuti mphepo idzathira mchenga panyama. Pamenepo chizungu chonse cha mwamuna wanga chinatha. Anangoima, manja ali lende, fosholo nkulowa pansi koyamba.

Amama anafika nthawi yomweyo. Anaona fosholo, anaona dothi limene linali litatuluka kale. Sanakuwe. Anapita nkukhala pansi pakati pa mzerewo, miyendo atatambasula, tsache lili pamiyendo, maso ali kunyanja.

Wophika anaima. Ralph anawapempha mwaulemu kudzera mwa Reginald kuti asunthe pang'ono, koma Reginald sanamasulire. Wina anawabweretsera mpando wopinda nkuuika pambali, kuwakodola kuti akhale pabwino. Ena anatulutsa makamera, poti kwa iwo chinali chinthu chosangalatsa, gogo wa m'mudzi wakana kuchoka pamthunzi. Amama sanayang'ane aliyense.

Pagululo panali mayi wina wachikulire wa ku Jeremani dzina lake Bertha, amene anali atagula mandasi anga dzulo lake nkumuseweretsa Dora. Anabwera kwa ine nkundifunsa ngati gogoyo akudwala. Chizungu changa ndi cha Sitandade 8, chopunduka miyendo yonse, koma tsiku limenelo chinayenda. Ndinamuuza kuti amuna awo ali pano. Bertha anayang'ana uku ndi uku kufuna bambo wokalamba. Ndinaika beseni pansi nkuloza dothi.

Mayi uja anagwira pakamwa. Kenako anatembenuka nkumuyankhula Ralph mawu ochepa koma akuthwa, ndipo ndinaona mzungu wandevu uja akufiira kuposa mmene dzuwa linamufiiritsira. Anavula chipewa. Anagwada nkuyamba kubwezera dothi lija ndi manja ake, kulisalaza ndi chikhatho. Atamaliza anamufunsa Reginald chapansipansi kuti nthawi yonseyi wakhala akumusiyiranji kugona pamenepo. Reginald anangoyang'ana zala za kumapazi kwake. Matenti anazulidwa popanda woyankhula, nkhumba inakaotchedwa kutali kumchenga, ndipo phwando lake linali ngati la anthu obwera kumaliro.

Kunyumba Amama anandikalipira. Anati ndawononga chisangalalo cha alendo, ndipo anthu a ku Ntcheu pakamwa pathu palibe chitseko. Koma ankanena zimenezi atandigwira dzanja, ndipo sanalisiye msanga.

Masana Bertha anawoloka msewu kubwera kwathu. Anakhala pamphasa movutikira, mawondo akulira, nkundipempha kuti ndimasulire. Anapepesa, misozi ili m'maso. Anati kwawo manda amakhala ndi mwala wolembedwa dzina, ndipo palibe mmodzi wa iwo akanaponda pamenepo akanadziwa. Anatinso, pofuna kuwasangalatsa Amama, kuti chiyambire ulendo wawo ku Nairobi sanaonepo malo osesedwa bwino chotero, moti onse ankaganiza kuti akonzedwera iwo, ndipo nchifukwa chake aliyense ankawalimbirana.

Ndinamasulira. Amama anandiuza kuti ndibwereze mawu omalizawo, ndipo ndinabwereza. Anayang'ana tsache lawo limene linali litatsamira khoma.

“Ndaga fijo,” anatero pomaliza, kuthokoza kwambiri, nkumupatsa Bertha phava la nthochi.

Asananyamuke, Bertha ndi anzake anatola miyala yoyera m'mbali mwa nyanja nkuindandalika mozungulira pamalopo. Pakati anaikapo maluwa ofiira amene anathyola kumpanda wa tchalitchi. Anachita ndi mtima wabwino, zimenezo ndikuikira umboni. Ine ndinapuma, nkumati nkhani yatha.

Zimene Reginald ankaopa sizinachitike. Malole sanathawire kwa a Zebedee, anachita kuwonjezeka. Nkhani inayenda pakati pa madalaivala yoti kwathu kuli gogo amene amasesa manda a mwamuna wake m'mawa uliwonse, zaka ndi zaka, ndipo aliyense wodutsa ku Karonga ankafuna kumuona ndi maso ake. Matenti pansi pa mango sanakhomedwenso, zoona. Koma Amama akamawoloka msewu ankapeza anthu atakhala kale mozungulira miyala ija, chete ngati m'tchalitchi, makamera ali pamawondo. Tsache likangokhudza pansi, makamerawo ankayamba kulira ngati ziwala. Ena ankalira misozi yeniyeni. Ena ankasiya makandulo, zibangili, zigoba za nkhono. Wina anapempha kuti abwereze kusesa chifukwa dzuwa linali kumbuyo kwawo, ndipo Amama anabwereza.

Anayesa kulawirira, alendo nawo anayamba kulawirira. Anayesa kupita masana, anawapeza akudikirabe. Nkhani za m'banja sungazikambe pamaso pa gulu, ngakhale gululo lisamve chiyankhulo chako, ndiye apongozi anga aamuna anakhala miyezi osamva za ng'ombe zawo. Poyamba alendo ankagona pa iwo osadziwa. Tsopano ankadziwa, ndipo anali atawalandanso apongozi angawo akazi awo. Ine zinkandiwawa kwambiri chifukwa pakamwa pamene panatsegula zonsezi panali panga.

Reginald anabwera ndi nzeru yake. Anati agula simenti amange manda enieni, okwera, ndi mpanda wa waya. Amama anamufunsa ngati akufuna kutsekera bambo ake m'khola ngati mbuzi. Za simenti anati awaona azunguwa, chilichonse chokwera pang'ono amakhalapo. A Zebedee nawo anafika ndi maganizo oti paikidwe chikwangwani pamsewu, kuti alendo a boma asamavutike kufunsa. Amama anawathokoza mwaulemu nkuwapatsa madzi akumwa, ndipo a Zebedee anapita akuganiza kuti avomera.

Tsiku lina tikupeta mpunga anandifunsa mwadzidzidzi kuti kodi azunguwa amaopa chiyani. Ndinaseka nkunena kuti manda ndiye ayi, taona tokha. Ndinati amaopa njoka, choncho salowa pa udzu wautali, ndipo amaopa minga chifukwa akangofika kumchenga nsapato amavula. Amama anagwedeza mutu nkupitiriza kupeta.

Mvula yoyamba itagwa malole anayamba kuchepa, monga ankachitira chaka chilichonse. M'masiku amenewo ndinkawaona Amama akuyendayenda m'njira ya ng'ombe atawerama, akutola tinthu nkumaika pansonga ya chitenje. Ndinkaganiza kuti ndi mankhwala a nyamakazi. Kenako m'mawa wina, kumchenga kulibe lole ngakhale imodzi, anandiitana kuti ndiwaperekeze.

Anayamba ndi kuchotsa miyala ija umodziumodzi, ine nkumakaitaya m'madzi. Anachotsa makandulo ndi zibangili nkuzimanga pakansalu kuti Reginald akabwezere eni ake, ngati eni akewo angapezeke. Kenako anasesa. Sindinawaonepo akusesa nthawi yaitali choncho. Anayambira patsinde monga kale, pang'onopang'ono, ndipo nkhani zonse zimene zinaunjikana anazikhuthula: ng'ombe yofiira imene inathyoka mwendo, mano a Dora, malata atsopano, ndi zoti mkazi wa Reginald tsopano mbalagha akuitha. Chinkhonde ndinali nditachizolowera, ndiye mawu omaliza ndinawamva bwino.

“Mukapanda kumva tsache musadabwe. Sindinakuiwaleni. Ndikukufunditsani.”

Anamasula nsonga ya chitenje. Munali nthanga za chisoso, njere za udzu, ndi timinga ta nseso, kaudzu koyanga pansi kaja kamene kamabaya ngakhale phazi lozolowera. Anaziwaza pamalo onse oyera aja monga amawazira mpunga kudimba, nkupondaponda ndi chidendene kuti mbalame zisatole. Atamaliza anandipatsa tsache.

“Tenga, uzikasesera kukhitchini.”

Ndinalira pamenepo, sindibisa. Iwo sanalire. Anandiuza kuti ndipukute kumaso, anthu angaganize kuti andimenya.

Dothi losesedwa zaka zonsezo linali ndi njala. Pofika chilimwe pansi pa mango panali tchire lofika m'chiuno, masamba ouma ataunjikana, mango ovunda ali mbwee. Malole anabweranso, ndipo oyambirira anafunsa za gogo wa tsache. Reginald anawauza kuti anatopa. Anapita kukaona mtengowo, anapeza tchire wamba, mmodzi anaponda nseso nkubwerera akudumpha ndi mwendo umodzi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Otsatira sanafunse nkomwe. Matenti anabwerera kumchenga, mandasi anga ankagulidwabe, ndipo a Zebedee chimbudzi chawo anachimaliza, poti alendo anali okwanira tonse.

Amene sanaiwale ndi anthu a m'mudzi. Kuno manda omera tchire ndi manyazi a mkazi wamasiye, ndipo palibe amene ankafuna kumva chifukwa chake. Kumpingo amayi ena anasiya kukhala nawo benchi imodzi. Eliness anandiuza pamjigo, mokweza kuti onse amve, kuti Keziya wataya mwamuna wake kutchire ngati anthu a ku Ntcheu, ndipo zikuoneka kuti waphunzira kwa mpongozi wake. Ndinatsala pang'ono kumuvundikira ndowa kumutu. Nditawauza Amama anangoti Eliness akunena zimene akuona, ndipo zimene akuonazo ndi zoona.

Koma m'mawa uliwonse, ng'ombe zisanatuluke, ankawolokabe msewu, manja ali chabe. Ankakhala pamuzu wina kuseri kwa tchire lija, mbali yosayang'ana matenti. Alendo ankadutsa ndi matawulo awo kupita kukasambira, ena nkupereka moni, koma palibe ankaima. Mayi wokalamba wopanda tsache, wokhala pafupi ndi tchire, si chinthu chojambula. Ankakamba nkhani zawo mpaka zithe.

Tsiku lina ndinawatsatira ndi tiyi, chifukwa anali atachoka osamwa kanthu. Ndinawapeza akuyankhula, ndipo dzanja lawo lamanja linali likuyenda pansi pambali pawo, kusalaza mchenga mozungulira, kuchotsa tizitsotso, mpaka panayera kamalo kakang'ono ngati mbale. Atamaliza nkhani anakayang'ana kwa kanthawi. Kenako anaimirira, anasuzumira kumatenti, nkukafafaniza ndi phazi kuti wina asakaone.